Mwana wanga amasankha mtsikana mu gemu, kodi ndide nkhawa?

Masiku apitawa ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Dzina lawo ndalisunga monga anandipemphera, koma anandilola kuti ndiwayankhe poyera, chifukwa akuti kumpingo kwawo aliko makolo ena amene nkhani yomweyi ikuwasowetsa tulo. Mwachidule analemba motere:

"Ndili ndi mnyamata wa zaka 16, ali Fomu 3. Akaweruka kusukulu amangokhalira Free Fire pa foni. Tsiku lina ndinasuzumira, ndipo ndinaona kuti munthu amene akumuthamangitsa mu gemumo ndi mtsikana wovala zachikasu. Nditamufunsa anangoti, 'Ndi Kelly ameneyu, amayi,' osandiyang'ana n'komwe. Bambo ake akuti timulande foniyo. Mlongo wake wa zaka 14 nayenso amasewera, iye amagwiritsa ntchito munthu wamwamuna ndi dzina lachimuna, koma za iyeyo sizikundivuta. Chikundivuta n'chakuti, mwana wamwamuna angasankhe bwanji kukhala mkazi? Kodi ndi chizindikiro cha chinachake?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa musanalande foni. Ndiyambe ndi mawu amene angakukhazikeni mtima pansi: pa zimene mwandiuzazi, sindikuonapo chifukwa chomulandira foni mwanayo. Koma ndikangolekera pomwepa ndiye kuti sindinakuthandizeni, chifukwa m'kalata yanuyi muli kachiganizo kena kamene kandigwira mtima kuposa nkhani ya Kelly. Ndifikako. Tiyambe kaye ndi Kellyyo.

Mu Free Fire anthu okwana 50 amatsikira pa chilumba ndi parachuti, aliyense n'kuyamba kutola zida, ndipo malo otetezeka amanka nachepa mpaka patsale munthu mmodzi kapena gulu limodzi. Mpikisano umodzi umatenga mphindi pafupifupi 10. Anthu a mu gemumo, amene ana amawatchula kuti ma character, sali chimodzimodzi. Aliyense kampani ya Garena inamupatsa luso lakelake, ndipo la Kelly ndi liwiro. M'masewera amene mpanda ukukutsekera kumbuyo, uku adani akukuwombera kutsogolo, liwiro ndi moyo. Alipo wamkazi winanso dzina lake Moco, amene akangolasa mdani, mdaniyo amaonekera kwa anzake onse a pagulu kwa kanthawi, olo athawire kuseri kwa khoma. Mnyamata amene akufuna kupambana salabadira zoti uyu wavala siketi kapena buluku. Amasankha ngati mlimi pogula khasu: lopepuka ndi liti, lolowa bwino m'nthaka ndi liti. Mawu aja anakuyankhani akuti "Ndi Kelly ameneyu," kwa iyeyo linali yankho lathunthu, ngati kukuuzani kuti izi ndi nsapato za mpira.

Zimenezi ndikuzidziwa chifukwa inenso ndinadutsamo. Ndinakulira ku Zingwangwa, ndipo chapafupi ndi msika panali kanyumba ka magemu. M'katimo munali TV imodzi yamsana, PlayStation yakale yotuwa ija, mapadi (zogwira m'manja zoyendetsera gemu) awiri, lina lomata ndi tepi, ndi benchi imene tinkapanikizanapo mpaka mawondo kugundana, ena ataimirira pakhomo kutchinga kuwala. Lamulo linali limodzi lokha: wopambana akhale, wogonja apereke padi. Ndalama zanga zinali za mandasi a pa buleki zimene ndinkadzimana, ndiye kugonja msanga kunkandiwawa zenizeni. Gemu yathu inali Tekken 3. Anzanga ankalimbirana Paul wa chibakera chogwetsa kamodzi uja, King wa chigoba chonga cha nyalugwe, ndi Eddy, amene ngakhale wosadziwa ankangodinadina mabatani miyendo n'kumazungulira yokha. Ine ndinatenga Xiaoyu, kamtsikana kakang'ono ka ku China. Tsiku loyamba chipinda chonse chinafa nako kuseka: "Aise, wasankha mkazi?"

Koma Xiaoyu ali ndi kaimidwe kena kamene amatsika pansi kwambiri, manja atatambasula ngati mbalame, moti zibakera zam'mwamba zimangodutsa pamutu pake. Kaimidwe kameneko ndinakaphunzira mpaka zala kuzolowera. Madzulo ena ndinakhala pa benchi paja maulendo 7 otsatizana osapereka padi. Pomatha mwezi, awiri mwa oseka aja anali atayamba kumufuna Xiaoyu yemweyo, wina n'kusamukira kwa Nina, wamkazi winanso wa m'gemumo. Palibe mmodzi wa ife amene ankaganiza za umuna wake. Tinkaganiza zosadzuka pa benchi. Akuluakulu athu amene anayamba ndi Street Fighter II, imene inatuluka mu 1991, angakuuzeni zomwezi. Pa anthu 8 osankhapo, wamkazi anali Chun-Li yekha, koma ndi iye amene anali wopepuka miyendo, wodumpha n'kuponda khoma n'kubwerera, ndipo amuna padziko lonse anapambana naye mipikisano.

Palinso nkhani ya maso, ndipo ndiinena mosabisa chifukwa mwana wanu salinso khanda. M'magemu ambiri kamera imakhala kumbuyo kwa munthu amene ukumuyendetsa, ndiye kwa maola ambirimbiri chimene uli nacho pamaso ndi msana wake. Amuna ambiri akafunsidwa amayankha mosapita m'mbali kuti ngati zili choncho, bola kuyang'ana mkazi. Ngati mwana wanu ali m'gulu limeneli, chimene chikuchitika n'chosiyana kutalitali ndi chimene bambo ake akuopa: ndi mnyamata amene maso ayamba kuona atsikana. Kuwonjezera apo, m'magemu ochuluka zovala za akazi zimakhala zamitundumitundu, tsitsi losiyanasiyana, pamene amuna onse amangofanana ngati ana a bambo mmodzi: minofu, ndevu, jekete yakuda. Mu Fortnite anyamata ambiri a mpikisano amavala ma skin (maonekedwe a munthu wa mu gemu) aakazi chifukwa ndi owonda, satchinga mbali yaikulu ya sikirini, ndipo amakhulupirira kuti mdani amachedwa kuwaona, ngakhale eni gemuyo amanena kuti malo olasika ndi ofanana kwa onse.

Apa pokha ndili ndi dandaulo langa, ndipo sindilibisa. Makampani ena amaveka akazi a m'magemu tinsalu tosabisa kanthu, pamene mwamuna amene akumenya nkhondo yomweyo wavala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Amatero chifukwa akudziwa kuti zigulidwa. Ngati pali chokambirana ndi mnyamata wa zaka 16 pa nkhani ya maonekedwe, n'chimenechi: kuti thupi la mkazi limene akuliona pa foni linajambulidwa ndi anthu ofuna ndalama zake, ndipo atsikana a m'kalasi mwake si zithunzi. Kelly wanuyo, poti amavala za othamanga, ndiye aliko bwino.

Komatu chifukwa chimene ine ndimachiona chozama kuposa zonsezi n'china. Ife akuluakulu tikaona mwana akuyendetsa munthu mu gemu timaganiza kuti munthuyo ndi kalilole, kuti mwanayo akunena kuti "uyu ndine." Kwa osewera ena n'zoonadi. Amatha ola lathunthu kukonza mphuno, khungu ndi kametedwe kuti zifanane ndi zawo. Koma kwa ena ambiri, munthu wa mu gemu si iwo ayi. Ndi munthu wina amene akumuperekeza pa ulendo, kumuteteza, kumuveka, kumuonerera akukula. Inu mayi, masanje munasewerako. Tsiku limene panalibe mnyamata, kodi nyumba inkakhala yopanda bambo? Mmodzi wa inu ankakulitsa mawu, n'kukhala pa mwala kudikira nsima ya gaga, ndipo dzuwa likalowa ankabwerera kwawo ali mtsikana yemwe uja. Agogo aakazi pofotokoza nthano madzulo amakhala Kalulu, amakhala Fisi, amakhala mfumu yaukali, ndipo ife timangovomera kuti "tili tonse." Ku sekondale za anyamata okhaokha, sewero likafuna mayi, mnyamata amamanga chitenje ndi duku, holo yonse n'kuwomba m'manja. Kubwereka thupi la wina kwa kanthawi kuti nkhani iyende si chinthu chimene chabwera ndi foni. Tinakula nacho.

Opanga magemu nawonso akhala akusewera ndi zimenezi kuyambira kale. Mu 1986 kampani ya Nintendo inatulutsa Metroid. Osewera ankayendetsa msilikali wovala zitsulo thupi lonse, dzina lake Samus Aran, ndipo ambiri ankangoti ndi mwamuna. Amene anamaliza gemuyo mwachangu ndiwo anaona chisoti chikuvulidwa, n'kuzindikira kuti nthawi yonseyi anali kuyendetsa mkazi. Mu 1996 kunabwera Tomb Raider, yopangidwa ku Derby m'dziko la England, ndipo anyamata mamiliyoni anakhala Lara Croft popanda kufunsidwa, chifukwa panalibe wina wosankha. Masiku ano zilinso chimodzimodzi ndi Aloy wa mu Horizon Zero Dawn. Ndipo pamene pali mwayi wosankha, ena amatsata luso la wolankhula. Mu Mass Effect msilikali wamkulu, Shepard, atha kukhala mwamuna kapena mkazi. Eni gemuyo ananena kuti osewera 18 okha pa 100 alionse ndiwo ankasankha wamkazi, koma ambiri mwa iwo, amuna omwe, amalumbira kuti mawu a Jennifer Hale, amene analankhulira Shepard wamkazi, ndiwo amaipatsa moyo nkhaniyo. Kumeneko ndi kusankha kwa munthu wokonda sewero labwino.

Taganiziraninso mbali inayi. Kwa zaka zambiri atsikana akhala akuyendetsa Mario, akhala akuyendetsa CJ wa mu GTA San Andreas m'misewu ya Los Santos, ndipo palibe kholo limene linalemba kalata kufunsa ngati mwana wawo wasokonezeka. Mu 2016 opanga gemu ina yotchedwa Rust anachita chinthu chimene chinavundula madzi. Anakonza zoti gemuyo izikusankhira yokha ngati ukhale mwamuna kapena mkazi, ndipo ikasankha yasankha, sungasinthe. Amuna ena anakalipa koopsa kuti akukakamizidwa kukhala chimene sali. Koma kufikira tsiku limenelo aliyense m'gemumo ankakhala mwamuna, akazi omwe, ndipo phokoso lotero kunalibe.

Mwina mungafune kudziwa ngati mwana wanu ali yekha. Sali yekha ngakhale pang'ono. Nick Yee, katswiri amene wakhala zaka zambiri akufufuza khalidwe la osewera magemu, anafunsa osewera gemu ya pa intaneti ya World of Warcraft cha m'ma 2005, ndipo anapeza kuti amuna 23 pa 100 alionse ankasewera ngati akazi, pamene akazi osewera ngati amuna anali 3 okha pa 100. Popeza amuna ndiwo anali ochuluka m'gemumo, zinatanthauza kuti pa akazi awiri alionse amene unkakumana nawo m'menemo, mmodzi anali mwamuna kuseri kwa kompyuta. Mu 2021 kampani yake ya Quantic Foundry inatulutsa zotsatira zina kuchokera kwa osewera magemu osiyanasiyana: amuna 29 pa 100 amakonda kusewera ngati akazi, pamene akazi okonda kusewera ngati amuna ndi 9 pa 100. Tingoti pa benchi ya anyamata atatu kapena anayi, mmodzi ndi wa Kelly.

Kafukufuku wina amene amandisangalatsa ndi wa mu 2014, wa gulu lotsogozedwa ndi Rosa Mikeal Martey. Iwo sanangofunsa mafunso, anaonerera osewera 375 a World of Warcraft akusewera. Amuna amene anasankha akazi ankakonda kusankha okongola, ndipo polemba mauthenga ankayesako kalankhulidwe kamene amaganiza kuti n'kachikazi. Koma miyendo inawaulula. Ankadumphadumpha kwambiri, ankayenda chafutambuyo, ankaima patali ndi gulu, monga momwe amuna anzawo amachitira. Chovala chinali cha mkazi, mayendedwe a mwini wake.

Bambo ake ngati amakonda mpira, muwauzeko izi. Magemu a mpira a FIFA anayamba kuika matimu a akazi mu 2015, pa FIFA 16, ndipo anali matimu 12 a mayiko. Mu 2023, pa EA Sports FC 24, analola kuti mu Ultimate Team, gawo limene wosewera amadzipangira timu yake, munthu asakanize amuna ndi akazi m'timu imodzi. Nyengo imeneyo Tabitha Chawinga anali ku Paris Saint-Germain, kumene anatsogola pa omwetsa zigoli mu ligi ya akazi ya ku France. Chaka chotsatira mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya ku America. Ana a ku Rumphi amenewa ali m'magemuwa, ndipo pali anyamata a kunja amene Malawi sadziwa n'komwe kumene ali, koma dzina la Chawinga amalidziwa chifukwa cha liwiro lake pa sikirini. Ndiye muwafunse bambowo: mwana wathu atamuika Tabitha kutsogolo n'kumwetsa naye zigoli zitatu, tingamulande padi, kapena tingaimirire n'kukuwa naye limodzi? Mtima umene angamusankhire Tabitha ndi womwewo umene wamusankhira Kelly.

Tsopano ndifike pa funso limene simunalilembe, koma ndikulimva pansi pa mawu anu. Mukuopa kuti mwina mwana wanu sakudzimva kuti ndi mwamuna, kapena kuti mtima wake sukopeka ndi akazi. Mayi, munthu wa mu gemu sangakuuzeni zimenezo. Chinthu chimene chimachitidwa ndi mwamuna mmodzi pa atatu kapena anayi alionse sichingakhale chizindikiro cha kanthu. Koma sindikufuna kukunamizani kuti kulibiretu otero. Alipo ena, ochepa, amene anena okha atakula kuti gemu ndi malo oyamba kumene anayesa kudziona mwanjira ina, chifukwa kumeneko kunalibe wowaloza chala. Chimene ndikutsimikiza n'chakuti gemu sinawapange kukhala choncho, ndipo kulanda foni sikukanasintha kalikonse mumtima mwawo. Chimene kulanda foni kumachotsa ndi njira yoti mwana afike kwa mayi ake. Mwana amene wachititsidwa manyazi chifukwa cha Kelly lero, mawa akadzakhala ndi chinthu cholemeradi, kaya ndi chimenechi, kaya ndi mimba imene wapereka, kaya ndi chamba chimene anzake akumukakamiza, adzakumbukira nkhope zimene munamuonetsa, n'kukhala chete. Ine ndaonapo anyamata amene anasiya kulankhula ndi makolo awo ali ndi zaka 15, ndipo chiyambi chake chinali chaching'ono kuposa ichi.

Mwina mungafunsenso kuti, nanga kuyendetsa mkazi tsiku ndi tsiku sikungamusinthe pang'onopang'ono? Ofufuza anayesapo kuona ngati thupi lobwereka limasintha khalidwe. Mu 2007 Yee yemweyo pamodzi ndi Jeremy Bailenson, ku yunivesite ya Stanford, anapeza kuti anthu amene anapatsidwa thupi lalitali pa kompyuta ankalimba mtima pokambirana zogawana ndalama, ndipo amene anapatsidwa nkhope yokongola ankayandikira anzawo momasuka. Ndi zimene inu mumaziona munthu akavala suti kapena yunifomu ya chigwirizano: mayendedwe amasinthako. Koma suti sisintha mwini wake kukhala munthu wina. Ngati pali chimene mnyamata angatengeko poyendetsa mkazi pa intaneti, n'kulawako pang'ono zimene atsikana amakumana nazo: mauthenga opusa a anthu osawadziwa, kufunsidwa nambala, kunyozedwa akalakwitsa. Ena zimawatsegula maso.

Pali chifukwa chimodzi chokha chosankhira mkazi chimene chingandidetse nkhawa, ndipo kuchifufuza n'kosavuta. M'magemu a pa intaneti, amuna ena amapereka mphatso ndi thandizo kwa aliyense amene akumuyesa mtsikana. Anyamata ena anazindikira zimenezi n'kuzisandutsa bizinesi. Amatenga dzina lachikazi, chithunzi chobera pa Facebook, n'kumanyengerera anthu kuti awagulire ma diamond (ndalama za m'gemumo) kapena awatumizire ya bandulo. Kumeneko si kusewera, ndi kuba, ndipo kumathera pamanyazi. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Wosewera ndi Kelly sabisa kuti iye ndi ndani. Mukamumva akukuwa pa maiki ndi mawu ake enieni, "Aise, ali kumanzere, kumanzere!", kwa anzake a kusukulu amene mukuwadziwa, palibe nkhani. Mukaona kuti ali ndi dzina lachikazi, salankhula, amabisa sikirini mukalowa, ndipo ali ndi zinthu zodula zimene simukudziwa kumene ndalama zake zachokera, pamenepo mukhale naye pansi. Mumukumbutsenso kuti msampha womwewo utha kumukola iyeyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: "mtsikana" wokoma mawu amene akumupempha zithunzi kapena ndalama atha kukhala bambo wa ndevu zake.

Tsopano kachiganizo kaja. Munalemba kuti mlongo wake wa zaka 14 amasewera ndi munthu wamwamuna ndi dzina lachimuna, ndipo munadutsapo msanga kuti za iyeyo sizikukuvutani. Ine n'zimene zandivuta.

Mwina palibe kanthu. Mwina naye akutsata luso, monga mchimwene wake, kapena amangokonda maonekedwe a munthuyo. Koma taonaninso manambala aja. Kafukufuku wa 2021 yemwe uja anapeza kuti akazi 76 pa 100 akapatsidwa mwayi amasankha mkazi mnzawo. Ndiye mtsikana akasiya zimenezo, n'kusinthanso ndi dzina lomwe, ndi bwino kufunsa kuti wathawa chiyani. Mu 2013 ofufuza awiri, Jeffrey Kuznekoff ndi Lindsey Rose, anatulutsa zotsatira za zimene anayesa mu gemu ya Halo 3. Anajambula mawu ofanana, ena m'liwu la mwamuna, ena m'liwu la mkazi, mawu wamba ngati opereka moni ndi oyamikira masewera, n'kumawaulutsa pakati pa osewera osawadziwa. Liwu la mkazi linalandira mawu onyoza ochuluka katatu kuposa liwu la mwamuna. Sanalakwe kanthu. Anangomveka kuti ndi mkazi.

Ine zimenezi ndinaziona m'nyumba. Mwana wamkazi wa achemwali anga anabwera kwathu pa holide, ali ndi zaka 15, katswiri wa magemu owomberana kuposa ine. Tsiku lina tili pakhonde ndinaona kuti dzina lake m'gemumo ndi lachimuna, lachiwawa ndithu, ndipo kachizindikiro ka maiki kali kotseka. Anzake a pagulu akufuula, iye akungolemba ndi zala, mochedwa, uku akuwomberedwa. Ndinamufunsa kuti bwanji osangolankhula. Anandiyang'ana kaye ngati akuyeza ngati ndingamvetse, kenako anatsegula mauthenga akale a pa akaunti imene anaisiya, ija inali ndi dzina lake lenileni. Ndinawerenga asanu n'kulephera kupitiriza. Wina kumufunsa kuti wavala chiyani. Wina kumuuza kuti apite akaphike. Wina kumutumizira nambala maulendo anayi, ndipo atakanidwa, kumutukwana mawu amene sindingawalembe pano. Iye anangoti, "Ankolo, ndikakhala mwamuna amangondisiya ndizisewera." Anatenga foni yake n'kupitiriza, maiki ili chitsekere. Makolo ake ankadziwa zoti amasewera ngati mwamuna, ndipo ankaseka kuti mwanayu ndi wolimba mtima ngati mnyamata. Za akaunti yakaleyo sankadziwa.

Ndiye mukuona kusiyana kwake, mayi. Mnyamata akasankha mkazi, kawirikawiri amakhala akutsata chinachake: liwiro, kukongola, nkhani yokoma. Mtsikana akasankha mwamuna n'kubisa dzina ndi liwu, nthawi zambiri amakhala akuthawa chinachake. Ife makolo timathamangira kwa woyambayo ndi ndodo, wachiwiriyo n'kumuyamikira kuti ndi wanzeru. Ndi wanzerudi, koma nzeru zimenezo waziphunzira pa mtengo umene mwana wa zaka 14 sayenera kulipira yekha.

Ndipo apa mpamene mnyamata wanu akulowanso m'nkhani, pa funso limene ndikuliona lofunika kuposa la Kelly: iyeyo akamva liwu la mtsikana pagulu lake, amatani? Amaseka nawo anzake akayamba zopusa? Amakhala chete? Kapena amati, "Amwene, tasiyani, tiyeni tisewere"? Umuna wake ngati mukufuna kuuyeza, muuyezere pamenepo. Mumuuze kuti mtsikana amene akunyozedwa uko ali ndi mchimwene wake ngati iyeyo, ndipo kuti mlongo wake akusewera ndi dzina lobwereka m'chipinda chinacho. N'kutheka kuti sanaganizepo n'komwe chifukwa chake.

Zoti muchite n'zochepa. Foni ikhale, malinga ngati sukulu ikuyenda, tulo akugona, ndipo ndalama za bandulo ndi ma diamond mukudziwa kumene zikuchokera. Malire a nthawi ikani, amenewo ndi udindo wanu ndipo sakukhudzana ndi Kelly. Loweruka likubwerali mukhale pambali pake, mumuuze kuti akuonetseni mmene amasewerera, ndipo mumufunse mwachidwi, osati mwa upolisi, kuti Kelly amamukondera chiyani. Konzekani kumva zambiri za liwiro, za mfuti ndi za anzake osadziwa kubisala. Bambo ake akhalepo ngati angathe, apatsidwe foniyo ayese ulendo umodzi, mwana awaphunzitse.

Mlongo wakeyo mumupezere nthawi yakeyake, mchimwene wake palibe, bambo ake palibe, mwina mukusankha nyemba kukhitchini. Musayambe ndi kumuopseza kuti mumuletsa, chifukwa akangomva zimenezo atseka pakamwa, poti akudziwa kuti chilango cha zolakwa za anthu ena chigwera iye. Mumuuze kaye kuti gemu yake simuilanda. Kenako mumufunse kuti dzina limene akugwiritsa ntchitoli analisankha liti, ndipo sabata imeneyo chinachitika n'chiyani. Akafuna kukuonetsani mauthenga, muwerenge naye mpaka kumapeto, mumuthandize kuwatseka anthuwo ndi kuwaneneza kwa eni gemuyo, ndipo ngati pali wamkulu amene wakhala akumupempha zithunzi kapena kuti akumane, musafute kanthu, mupite nazo kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Pokambirana ponsepo foniyo ikhale m'manja mwake.